Kodi sitiki ya ndege yankhondo imamveka bwanji m'manja?

Kamtema_Jr

Akuluakulu tandithandizeni apa, pali chinthu chikundizunguza mutu. Ndimasewera DCS, gemu ya pakompyuta youlutsa ndege zankhondo, ndi ka joystick ka pulasitiki kokhala ndi sipuling'i mkati, nde kaya ndege ikuthamanga chotani kaya yatsala pang'ono kugwa chifukwa sipidi yachepa, kulemera kwake m'dzanja ndi chimodzimodzi basi. Ndiye ndimadzifunsa kuti mu ndege yeniyeni zimakhala bwanji? Payiloti akakoka sitiki pa sipidi yoopsa ija amayimva mphepo ikulimbana naye? Pamafunika mphamvu zambiri kapena zala ziwiri zokha zikukwana? Komanso wina anandiuza kuti ya F-16 siyisuntha nkomwe, eti munthu amangoyikankha ili chiimire, ine ndinaona ngati akundipusitsa. Chinthu chothamanga kuposa liwiro la phokoso nkumachiyendetsa ndi ndodo yosasuntha, zoona zimenezo? Amene mukudziwa tatiuzeni, zongoganizira ayi chonde.

MadalaSpana

Mphwanga amene anakuuza za F-16 uja sanakunamize, koma tiyambire kumbuyo pang'ono kuti zimveke. Ine sindine payiloti, ntchito yanga inali ya spana, ma hydraulic ndi ma control, ndiye ndikuuza za mbali imene manja angawa anagwira.

Ndege za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zija monga Spitfire ndi Zero, sitiki inkalumikizana ndi mapiko kudzera mu zingwe zachitsulo ndi timipiringidzo basi, popanda chothandizira. Kumeneko nde payiloti ankayimvadi mphepo m'manja. Ndipo mphepo ili ndi khalidwe loti sipidi ukayiwirikiza kawiri, mphamvu yokankha phiko imachuluka kanayi. Spitfire zoyambirira ma aileron ake, timapiko ta kunsonga tija timapendeketsa ndege kumanja kapena kumanzere, anali okutidwa ndi nsalu, nde ikamatsika chamutu pa sipidi yaikulu nsalu ija inkafufuma sitiki nkuuma gwa, munthu kumakankha ndi manja awiri ndege osafuna kupendekeka. Mu 1941 anayamba kuika achitsulo zinthu nkusinthako. Zero nayo inali yofewa zedi ikamauluka pang'onopang'ono koma ikathamanga inkauma, mapayiloti aku America atazitulukira zimenezi anasiya kuzungulirana nayo pa sipidi yotsika.

Majeti atabwera mphamvu za munthu zinaperewera. Ndiye mainjiniya anaika ma hydraulic, sitiki ntchito yake inangokhala yotsegula kavavu kakang'ono basi, mafuta a pulesha ya 3000 psi ndi amene amakankha mchira ndi mapiko. Mphepo ikankhe mchira chotani, mphamvu imeneyo siyibwereranso ku sitiki, imathera pa actuator, chipangizo chokankha mchiracho, pomwepo. Apa nde panabuka vuto lina, sitiki inapepuka moopsa, munthu atha kuyikoka ndi chala chimodzi pa sipidi yaikulu mapiko nkuthothoka iye osamva kalikonse. Nchifukwa chake kulemera kumene payiloti wa jeti amamva ndi kochita kupanga, anthu anakhala pansi nkugwirizana kuti apa pazilemera chonchi, apa chonchi.

Amapanga bwanji? Choyamba sipuling'i, ngati yakoyo kkk koma yolimba komanso yoyezedwa bwino. Chachiwiri chipangizo chimene chimamva sipidi, pa F-4 Phantom panali bellows imene inkalandira mphepo yochokera panja, ndege ikathamanga pulesha imakwera sitiki nkulimba. Chachitatu bobweight, kachitsulo kolemera komangiriridwa ku mipiringidzo ya sitiki, ma G (kulemera koonjezera kumene chilichonse mu ndege chimamva ikamakhota, pa 2 G umalemera kawiri) akamakwera nako kamalemera nkumakokera sitiki kutsogolo, ndiye G aliyense woonjezera umamugula ndi mphamvu ya mkono wako. Aku Russia pa MiG-21 anaika chawo chotchedwa ARU-3V, chimayang'ana sipidi ndi kutalika kumene ndege ili nkumasintha zinthu ziwiri, kulemera kwa sitiki komanso kuchuluka kwa mmene mchira ukusunthira pa kukoka komweko.

Kabatani ka trim kali pamwamba kaja, kogwira ndi chala chachikulu, pa ndege zimenezi kamangosuntha pamene sipuling'i imapumira. Ukadina, "pakati" pa sitiki pamasamuka, mkono nkupuma.

Ku hangala tinkayeza zimenezi. Umalumikiza ngolo ya hydraulic, pulesha ikakwera mchira uja unali wogwa umadzuka wokha, ndiye umakola sikelo ya mbedza pa chogwirira cha sitiki nkumakoka pang'onopang'ono diso lili pa geji. Poyamba sitiki siyisuntha, singano ikungokwera, kenako pamafika poti thapu yayamba kuyenda, nambala imeneyo umalemba. Kakukana koyambako nkofunika, kupanda iko ndege ikhoza kumagwedera ndi kunjenjemera kwa dzanja chabe. Ukayisiya iyenera kubwerera pakati penipeni, ikatsalira pang'ono ndiye kuti penapake pakukhuzana, uyambe kufufuza bearing iliyonse mpaka uyipeze, ntchito yotopetsa kwabasi chifukwa zimadutsa malo oti dzanja silikwana. Za F-16 ndisiyire achinyamata, amazidziwa kuposa ine.

ViperNangozo

Madala mwafotokoza bwino, nditengere pamenepo. Amwene Kamtema, F-16 yoyamba yoyesera ija, YF-16, sitiki yake sinkasuntha olo pang'ono, ndipo ili kumanja kwa mpando osati pakati pa miyendo. Pansi pake pali masensa oyeza mphamvu, ganizirani sikelo yopondapo ija, ukayiponda siyititimira koma nambala imakwera, basi ndi zomwezo. Masensa amatumiza magetsi ku kompyuta, kompyuta ndi imene imauza ma actuator. Palibe chingwe chachitsulo olo chimodzi pakati pa dzanja ndi mchira, mawaya okhaokha, ndipo njira zake ndi zinayi kuti ina ikafa zina zipitirize.

Ulendo wake woyamba unachitika mosakonzekera pa 20 January 1974 ku Edwards ku California. Phil Oestricher amayenera kungothamanga nayo pansi, koma ndege inayamba kupendekera uku ndi uku mwamphamvu, kansonga ka mizinga ya kuphiko lamanzere kanakhula pansi, mchira wakumanja nawo kukhula, ndege nkuyamba kuchoka pamsewu wake, iye anaona kuti bola kungonyamuka. Anatera bwinobwino patatha mphindi 6. Pambuyo pake sitiki anayipatsa kampata kakang'ono kosuntha, mamilimita ochepa chabe, chifukwa mapayiloti ankadandaula kuti sakudziwa ngati afika pothera, ena ankakoka mpaka mkono kuwawa pomwe kompyuta inapereka kale zonse. Kuti upemphe zonse pokweza mphuno pamafunika mapaundi 25, kumeneko ndi makilo 11 ndi pang'ono, ukapitirira apo ukungodzitopetsa.

Koma chachikulu chimene anthu ambiri sachigwira ndi ichi, pa F-16 ukakoka sukulamula mchira kuti usunthe madigiri akutiakuti. Ukupempha G. Pa sipidi yabwino mphamvu yomweyo ya dzanja imakupatsa G yemweyo kaya uli m'mwamba kwambiri kaya m'munsi, za mchira kuti usunthe bwanji ndi za kompyuta. Chammbali ukupempha liwiro la kugudubuzika, ukankhe kwambiri igudubuzika msanga, usiye iyima pomwepo. Ndipo mchirawo umasuntha nthawi zonse olo dzanja lako lili phee, sinanga ndegeyo anayipanga dala kuti ikhale yosakhazikika pa sipidi yosafika ya phokoso kuti izitembenuka msanga, popanda kompyuta munthu sangayigwire. Mukadzaonera vidiyo ya F-16 ikutera yang'anani kumchira, muona ukuphiriphitha wokha.

Ndiye pali malire. Kompyuta siyilola kupitirira 9 G, ndipo mphuno siyiloledwa kukwera kuposa madigiri pafupifupi 25 poyerekeza ndi kumene mphepo ikuchokera. Payiloti amangokoka mpaka pothera maso ali panja kufunafuna mdani, osaopa kuti athyola ndege. Ine kwa ine apa nde panzeru. Pa 9 G mkono wako ukulemera ka 9, nde muganize kuyendetsa ndodo yaitali uku ndi uku ndi mkono wolemera choncho. Nchifukwa chake anaika potsamiritsa mkono, mpando nkuupendeketsa madigiri 30 chagada, dzanja lokha ndi limene likugwira ntchito. F-22, Rafale ndi F-35 onse anatengera sitiki yapambali, Typhoon ndi Gripen anasiya pakati.

Kamtema_Jr

Eeh koma ndiye mwanditsegula m'maso. Zikomo Madala, zikomo achemwali. Koma tsopano ngati sitiki siyikuuza chilichonse cha mphepo, payiloti amadziwa bwanji kuti apa ndakoka mopyola, ndege yatsala pang'ono kusiya kuuluka? Amangodalira manambala a pagalasi paja? Pomenyana nthawi yowerenga manambala amayipeza kuti?

Bwande_wa_Turbo

kkkk ndiye kuti ka joystick kako ka pulasitiki kali pafupi ndi zenizeni kuposa mmene umaganizira aise, usakanyoze. Chikusowa ndi munthu woti azikukhalira pachifuwa ukamakhota basi

MphambaZlin

Bwande mukuseka koma mwalasa penipeni. Ine jeti yankhondo sindinayendetsepo, ndimaulutsa tindege ting'onoting'ono ta injini ya pulopela, tina ta masewera otembenuzika m'mwamba, koma funso lachiwirili ndingayankheko chifukwa thupi la munthu ndi limodzi.

Zambiri sizibwera kudzera m'dzanja, zimabwera kudzera pampando. Ukakoka ma G anayi okha masaya amatsika, mutu ndi helemeti zimalemera, dzanja la pa throttle, chogwirira chopatsira injini moto, kuti ulinyamule umachita kuganiza kaye, ndipo ukapanda kulimbitsa mimba ndi ntchafu mitundu imayamba kuzilala, kuona kumachepa kuyambira m'mbali ngati ukusuzumira mu paipi. Thupi limadziwa G msanga kuposa diso pa geji. Mu jeti kulinso suti ija imafufuma m'miyendo ndi pamimba, ikafinya kwambiri payiloti amadziwa kale pamene ali.

Chachiwiri ndi kunjenjemera kwa ndege. Mphepo ikayamba kusweka pamwamba pa phiko ndege yonse imayamba kachiphokoso kakang'ono kogwedeza, kenako kamakula, kenako ndi chigwedezo chenicheni mapiko nkuyamba kugwera uku ndi uku. Ophunzira pa jeti yophunzitsira ya T-38 amaphunzitsidwa kusiyanitsa magwedezedwe amenewa, kudziwa kuti pa kochepaka ndi pamene ndege ikukhota bwino, pa kwakukuluka wapyola ukungotaya sipidi. Ndege zina chenjezo lachilengedwe silikwanira nde anawonjezera lochita kupanga. F-104 inali ndi mota yogwedeza sitiki ukayandikira malire, ukapitirizabe kumakani inali ndi kicker yokankhira sitiki kutsogolo mwamphamvu. Pa F-4 yakale mphuno ikakwera kwambiri sumayenera kukankhira sitiki kumbali, ndege inkatha kupotokera mbali inayo nkukutaya, mapayiloti ankasunga sitiki pakati nkumapendeketsa ndege ndi mapazi pa rudder, chiwongolero cha kumchira. Zimenezi munthu ankachita kuzilowetsa m'magazi.

Tsopano achemwali a Viper ndikutsutseniko pang'ono, mwayiyamikira kwambiri sitiki yosasunthayo. Sitiki yoyenda ili ndi chinthu chimodzi chimene yanuyo ilibe, malo amene dzanja lili amakuuza nkhani. Ikafika pamimba umadziwa osayang'ana kuti ndatha zonse. Pa ndege ya mipando iwiri mphunzitsi amayimva sitiki ikuyenda m'dzanja lake wophunzira akamayendetsa, pa F-16 ya mipando iwiri samva kanthu, kompyuta imangophatikiza mphamvu za onse awiri. Komanso malire a kompyuta ndi abwino mpaka tsiku limene phiri lili kutsogolo kwako. F/A-18 sitiki yake ili pakati ndipo imayenda ndithu ngakhale ndi ya mawaya, malire ake ndi 7.5 G koma pali ka paddle pansi pa chogwirira koti ukakafinya ndi kachala kakang'ono kompyuta imakupatsa 33 peresenti yoonjezera, ndege ikapindike bola munthu wapulumuka. MiG-29 ilibe kompyuta yotere pa mitundu yoyambirira, mphuno ikafika madigiri pafupifupi 26 sitiki imakukankhira kutsogolo, koma ukakoka mwamphamvu umadutsa. Aku Russia amapakanso mzere woyera pakati pa dashibodi, ndege ikayamba kuzungulira mosalamulirika umangolozetsa sitiki pa mzerewo nkudikira. Ndipo cobra ija, yoimika mphuno ya ndege m'mwamba mwadzidzidzi ngati njoka, imene Viktor Pugachev anaonetsa ndi Su-27 ku Paris mu 1989 imachitika atazimitsa kaye chotchinga malire.

Kompyuta ilinso ndi matenda akeake. Ikachedwa kuyankha pang'ono pokha, kapena actuator ikafika pothera liwiro lake, payiloti amaona ngati ndege sinamve nde amawonjezera, yankho likabwera labwera lambiri, iye nkubweza mwamphamvu, basi awiriwa ayamba kulimbana aliyense akuchedwera mnzake ndipo kugwederako kumangokula. Gripen yoyamba inaphwanyika choncho potera ku Linköping mu February 1989, ina inagwa ku Stockholm mu August 1993 pamaso pa chikhamu cha anthu pa chionetsero, payiloti anali yemweyo Lars Rådeström ndipo maulendo onse awiri anapulumuka. YF-22, yoyesera ya F-22, nayo inakhula mimba pansi ku Edwards mu April 1992 ndi vuto la mtundu womwewo. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi kuleka kulimbana nayo, kumasula dzanja, koma nthaka ili pafupi choncho ndani angamasule.

F-35 anayesa kutenga zabwino za mbali zonse, sitiki ndi yapambali koma ili ndi timamota mkati, kompyuta imatha kuyilimbitsa, kuyifewetsa kapena kuika pokanira malinga ndi zimene ndege ikuchita.

Za gemu yanuyo a Kamtema, musamafumbate sitiki ngati ikuthawa. Gwirani mopepuka, chigongono chitsamire penapake, ndipo muziganiza zokankha pang'ono osati zosuntha. Pothira mafuta m'mwamba kapena pouluka moyandikana ndi mnzanu, mukaona dzanja lanu likuyenda ndiye kuti mwachulutsa kale.

ViperNangozo

Za mphunzitsi kusamva dzanja la wophunzira ndavomera, imeneyo ndi mfundo. Koma za phiri zija F-16 anayipatsa yankho lina, kuyambira 2014 ili ndi Auto GCAS, payiloti akakomoka ndi G ndege ikulunjika pansi kompyuta imawongola mapiko yokha nkukoka ma G asanu mpaka yapulumuka. Paddle ya F/A-18 imafuna munthu amene ali maso, wokomoka safinya kanthu.

Kamtema_Jr

Funso lomaliza Madala, nanga ma hydraulic onse akafa? Sitiki imabwerera kukhala ngati ya Spitfire kapena basi kwatha?

MadalaSpana

Pa majeti ambiri basi kwatha mphwanga. Nchifukwa chake amaika ma system awiri osiyana, lililonse ndi pampu yake ndi mapaipi ake, ndipo amayesetsa kuti asadutse malo amodzi kuopa kuti chipolopolo chimodzi chingadule onse. F-16 injini ikazima ili ndi EPU, kainjini kothandiza pangozi koyendera hydrazine, mankhwala oopsa kwambiri moti ikayaka anthu apansi sayandikira ndegeyo popanda zovala zapadera, imapereka magetsi ndi pulesha kwa mphindi pafupifupi 10 kuti munthu apeze potera. Zonsezo zikatha sitiki ija ndi chogwirira chabe, ukhoza kuyikankha mmene ungathere palibe chikuyankha, chotsala ndi kukoka chingwe cha mpando nkutuluka. F/A-18 yakale ili ndi mipiringidzo yopita kumchira yothandiza makompyuta akafa, koma nayo imafunabe pulesha, mkono wa munthu sungasunthe chimchira chonse chija.

Imene ndikuyidziwa kuti inapangidwa mosiyana ndi A-10, ngakhale ena anganene kuti si fighter yeniyeni, ntchito yake ndi kuphwanya akasinja pansi. Ili ndi swichi ya manual reversion, ma hydraulic onse awiri akafa sitiki imalumikizana ndi zingwe zachitsulo. Kumchira ukukoka elevator, kaphiko kokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi mphamvu zako, kumapiko sukusunthanso aileron yonse, ukusuntha katabu kakang'ono kakumbuyo kwake ndipo mphepo ndi imene imakankha aileron ija. Ndege imalemera, imayankha mochedwa, ndipo ukasintha throttle mphuno imakwera kapena kutsika yokha chifukwa mainjini ali pamwamba kumbuyo. Pa 7 April 2003 Captain Kim Campbell anawomberedwa pamwamba pa Baghdad, ma system onse awiri anataya pulesha nthawi yomweyo ndege nkuyamba kupendekera kumanzere mphuno pansi, sitiki osayankha. Anatembenuza swichi imeneyo, ndege inamvera, anauluka nayo pafupifupi ola lathunthu kubwerera ku Kuwait nkutera opanda ma flap ndi ma speed brake othandiza kutera pa sipidi yochepa, opanda chiwongolero cha tayala lakutsogolo. Mu DCS mwako A-10C ilimo ndipo swichiyo ili kumanzere kwa mpando, kayese kutera nayo, koma dziwa kuti ka sipuling'i kakoko sikakupatsa kulemera kumene mayi ameneyo anali nako m'manja ola lonselo.